Lachitatu, Tsiku la Madzi

Kuno ku Amman madzi ndi mlendo wa Lachitatu.
Amafika mbandakucha, kumzikiti asanaitane,
ayamba ndi chifuwa m'mapaipi, kho, kho,
kenako thanki padenga imeza, imeza,
ngati munthu wa ludzu la masiku asanu ndi limodzi.
Ndikamva ndimadzuka osayatsa getsi.
Mapazi anga amaidziwa njira ya ku beseni.

Tsikulo msewu wathu wonse umayanika zinsinsi zake:
matewera a kwa Dalal,
malaya amkati a mkulu wogulitsa gasi,
mabulangete anga awiri, lina lazigamba.
Dzuwa la kuno sililemba bilu.

Madzi amodzi ine ndimawatuma katatu.
Otsukira mpunga amapita kwa ndimu wanga
wokhala m'chitini cha mafuta a azitona pakhonde.
Otsukuluzira zovala amakolopa pansi,
akada, akatopa, ndimawaperekeza kuchimbudzi.
Ngakhale ozizira aja otsogola
munthu akudikira ofunda,
ali ndi ndowa yawo, yobiriwira, yothyoka chogwirira.

Ndiye kunabwera Nidal, mlongo wanga wa ku Toronto,
zaka khumi ndi zinayi tisanaonane,
mimba itatsogola, tsitsi litabwerera m'mbuyo.
Analowa m'bafa nayamba kuimba.
Nyimbo yoyamba ndinamwetulira.
Yachitatu ndinali pakhomo, dzanja lili m'mwamba,
kugogoda ayi, kuchoka ayi,
ndikumva Loweruka langa likutsika m'ngalande,
Lamlungu likulitsata pambuyo.
Paja amati mlendo ndi mame.
Wathuyu anali mame akumwa madzi.

Lamlungu masana mpopi unangopuma mpweya.
Suhaib anakwera padenga ndi mtengo wa tsache,
nauviika, nautsitsa, osanena kanthu:
unanyowa msinkhu wa chikhadabo.
Tinaitana lole yamadzi.
Mtengo wake unali nsapato za mwanayo za kusukulu.

Nidal anasolola chikwama, nkhope ili pansi.
Ndinati bweza, ndalama sasamba,
gwira ndowa iyi.
Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka:
Tahani, si ija tinkaimamo tonse awiri,
iwe n'kumalira sopo m'maso?
Siinali imeneyo, ija inabooka kalekale,
koma ndinangoti eya.

Mawa lake ndinamupeza kukhitchini atagwada,
sipanala m'manja, magalasi pamphuno.
Mpopi uwu wayamba liti kudontha?
Ndinati kuli kapu pansi pake, palibe chotayika.
Anati usiku kapu ikadzaza ndani amadzuka?
Ndinakhala chete.
Chaka chathunthu, ine mphunzitsi wa madontho,
ndinkagona pamene dontho linkandibera, tho, tho,
chifukwa cha kamphira kotchipa kuposa buledi.

Madzulo tinakazinga buledi wa dzana,
tinamuphwanyira mu tomato ndi nkhaka,
makoko a ndimu tinawaponya mu viniga wotsukira,
tinakhala pakhonde magetsi onse atazima,
mapiri a mzinda akuthwanima okha,
mathanki oyera ali ndii padenga lililonse
ngati nkhosa zodikira mbusa mmodzi.

Anapita Lachisanu, atasiya juzi yake
yomwe ndaisula kale, idzakhala zipewa ziwiri.

Dzulo watumiza chithunzi pafoni:
mapazi ake onenepa m'bafa loyera mbee,
pakati pawo ndowa yatsopano, pepala la mtengo likadalipo.
Akuti mkazi wake akuseka,
akuti nyanja ili pomwepa, ndowa ya chiyani,
koma maluwa a pawindo sakufunsa.

Sindinamulembere mawu.
Ndinajambula ndimu wanga m'chitini chake cha dzimbiri.
Wabereka atatu chaka chino,
wachitatuyo ndi wamng'ono, wokhota,
ndipo lero ndi Lachiwiri,
mtengo wa tsache wanyowa mpaka pakati.